Msilamu Patebulo la Eni: Kudya M'kalesitilanti ka ku America



Masiku ano si zachilendo kumva kuti mwana wa ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota ali pasukulu kapena pantchito ku America. Makolo ena amaitanidwa kukaonerera mwambo wolandira digiri, umene sukulu zambiri zaukachenjede kumeneko zimachita m'mwezi wa May, ndipo ena amapita kukaona mdzukulu wobadwa kumene. Ulendo wotere sutha lisanafike tsiku limene mwana wanu, mnansi wake kapena bwana wake wa kuntchito adzanene kuti lero panyumba sipaphikidwa, tikadya kunja. Kawirikawiri sakutengerani ku hotela yaikulu ayi. Amakutengerani ku kalesitilanti ka m'dera lawo lomwelo, ka matebulo owerengeka, kamene mwini wake amadziwa makasitomala ake ndi maina. Pakhomo pa malo ena otere pamakhala palembedwa mawu akuti "brasserie".

Msilamu akakhala patebulo limenelo ali ndi mafunso awiri oti ayankhe asanadzuke. Loyamba tonse timalidziwa: kodi m'mbalemu muli chiyani? Lachiwiri ambiri salilabadira: kodi amene wandinyamulira mbaleyi walandira malipiro ake? Chakudya cha tsiku limenelo chimakhala choyera pokhapokha mafunso onse awiri atayankhidwa bwino.

Dzina lenilenilo likutichenjeza

Mawu akuti brasserie ndi a Chifalansa, ndipo tanthauzo lake loyamba ndi malo ofululira mowa. Kale ku France anthu ankafulula mowa n'kumaugulitsa pomwepo pamodzi ndi chakudya. Malo otere anachuluka mumzinda wa Paris itatha nkhondo ya pakati pa France ndi Prussia ya mu 1870 mpaka 1871, pamene anthu ambiri a m'chigawo cha Alsace, chimene Germany inalanda, anasamukira mumzindawo ndi luso lawo lofulula mowa ndi kukonza nyama ya nkhumba. Imodzi mwa malowa, Brasserie Lipp, inatsegulidwa mu 1880 ndipo ilipobe. Ku America, lesitilanti yotchedwa Balthazar, imene inatsegulidwa mumzinda wa New York mu 1997, inathandiza kutchukitsa kaphikidwe kameneka, ndipo lero malo ang'onoang'ono otengera chitsanzo chomwecho amapezeka m'mizinda yambiri.

Ambiri mwa malowa safululanso mowa. Ndi malo odyera a mabanja: ana amalowamo, agogo amalowamo. Koma chiyambi chake chinatsalira pa kauntala yaitali yogulitsira zakumwa imene imakhala mbali imodzi ya chipinda, ndiponso chinatsalira m'miphika.

Mukalowa musathamangire kukakhala pampando umene mwauona. Pakhomo pamakhala munthu wolandira alendo, ndipo ndiye amakulozerani tebulo. Kenaka amabwera woperekera zakudya, amene adzakutumikirani mpaka mudzatuluke. Madzi akumwa, kawirikawiri okhala ndi ayezi, ndi aulere. Pamndandanda wa zakudya pamayamba tizakudya totsegulira m'mimba, ndipo chakudya chenicheni chokhutitsa chimalembedwa pansi pa mawu akuti "entrée", kenaka zotsekemera zotsirizira. Mbale za ku America zimabwera zodzadza kwambiri. Chikakukanikani, pemphani kabokosi mutengere kunyumba. Kumeneko zimenezi si zamanyazi, ndipo kwa ife kutaya chakudya ndi israf imene chipembedzo chathu chimaletsa.

Nkhumba ya maina khumi

Kwathu kuno nkhumba ndi nkhumba. Ukaiona pa chiwaya umangodutsa patali. M'malo odyera amene tikukambawa, mawu akuti "pork" mwina simuwaona n'komwe, chonsecho nyamayo ili m'zakudya zingapo. Imabisala m'maina monga "bacon", "ham", "lardons", "pancetta", "prosciutto" ndi "chorizo". Mafuta ake amatchedwa "lard". Mbale yotchedwa "charcuterie" nthawi zambiri imakhala ya nyama za nkhumba zoumika ndi mchere, ndipo "pâté" ngakhale italembedwa kuti ndi ya chiwindi cha nkhuku kapena cha bakha, ophika ena amasakanizamo mafuta a nkhumba.

Choopsa kwambiri n'chakuti nyama imeneyi amaigwiritsa ntchito ngati mmene ife timagwiritsira ntchito nsinjiro kapena tomato, kungokometsera ndiwo. Munthu amaitanitsa saladi poganiza kuti wathawa nyama, osadziwa kuti "frisée aux lardons" ndi masamba owazidwa tizidutswa ta nkhumba yokazinga. Tikabichi ting'onoting'ono totchedwa "Brussels sprouts" ambiri amatikazinga ndi "bacon". Supu yoyera yotchedwa "clam chowder" kawirikawiri amayamba kuiphika pokazinga nyama ya nkhumba yamchere. Buledi wootcha ndi tchizi wotchedwa "croque monsieur" mkati mwake muli "ham". Ngakhale pa zotsekemera mpofunika kusamala, chifukwa zina monga "panna cotta" amazilimbitsa ndi "gelatin", ndipo "gelatin" yambiri imapangidwa kuchokera ku chikopa cha nkhumba.

Kodi moto umathetsa vinyo?

Kaphikidwe ka Chifalansa kamadalira vinyo. Nkhuku yotchedwa "coq au vin" ndi nyama ya ng'ombe yotchedwa "boeuf bourguignon" amaziphika mu vinyo wofiira, ndipo zonse ziwiri amaikamonso nkhumba. Nkhono za m'nyanja zotchedwa "moules marinières" amaziphika mu vinyo woyera. Supu ya anyezi yotchuka ija ambiri amathiramo vinyo kapena mowa waukali. Nsomba yolembedwa kuti "beer-battered" ndiye kuti ufa umene anaiviikamo asanaikazinge anaukanda ndi mowa.

Mukafunsa, woperekera zakudya akhoza kukuyankhani ndi mtima wabwino ndithu kuti musade nkhawa, mowawo umauluka ndi moto. Anthu ambiri amakhulupirira choncho, koma si zoona kwenikweni. Ziwerengero za unduna wa zaulimi wa dziko la America, zochokera pa kafukufuku amene anafalitsidwa mu 1992, zikusonyeza kuti chakudya chikawira kwa mphindi 15, magawo 40 pa 100 alionse a mowa umene unathiridwamo amatsalabe. Chikawira kwa ola limodzi amatsala magawo 25, ndipo ngakhale patatha maola awiri ndi theka amatsalabe magawo 5. Chakudya chimene amachithira mowa n'kuyatsa moto pamwamba kuti alendo asangalale ndi malawi chimasunga magawo 75. Msuzi wa nyama yootcha umene wophika amaukonza mofulumira m'chiwaya ndiye umakhala pamoto mphindi zochepa chabe. Choncho yankho loti mowa unauluka lisakukhazikeni mtima pansi.

Nanga nyama ya ng'ombe ndi nkhuku?

Apa mpamene masheikh amasiyana maganizo, ndipo tsamba lino si malo operekera fatwa. Koma ndi bwino banja lidziwe pamene pagona nkhani. Surat Al-Ma'idah, ndime 3, imatchula zakudya zoletsedwa, ndipo ndime 5 ya sura yomweyo imaloleza chakudya cha anthu amene anapatsidwa Buku. Surat Al-An'am, ndime 121, imaletsa nyama imene dzina la Allah silinatchulidwe poizinga. Ku America kuli lamulo la mu 1958 lonena kuti ziweto monga ng'ombe ndi nkhosa zizikomoledwa kaye zisanadulidwe pakhosi, ngakhale kuti lamulo lomwelo limalola kuzinga motsata chipembedzo. M'mafakitale akuluakulu nkhuku zambiri zimadulidwa ndi makina.

Malemu Sheikh Yusuf al-Qaradawi, m'buku lawo la mu 1960 lofotokoza za halal ndi haram, anapeputsa nkhani ya nyama yochokera kwa Akhristu ndi Ayuda. Masheikh ena ambiri amakana, ponena kuti palibe amene angatsimikize kuti wozinga m'fakitale ndi wa chipembedzo chanji ndiponso ngati chiwetocho chinali chamoyo pamene mpeni unkadutsa. Langizo langa ndi lakuti nkhaniyi muithetse ndi sheikh wanu musanakwere ndege. Patebulo, njala itakugwirani, eni ake akukudikirani, si pamalo poyambira kufufuza.

Kuno kwathu tinazolowera kuona chiphaso cha nthambi ya halal ya bungwe la Muslim Association of Malawi chitapachikidwa pakhoma. Ku America boma silipereka ziphaso zotere. Amapereka ndi mabungwe oima paokha monga IFANCA, limene linakhazikitsidwa mu 1982. Chigawo cha New Jersey chinakhazikitsa lamulo mu 2000 loteteza ogula kwa amalonda onamizira kuti chakudya chawo ndi halal, ndipo zigawo zina zingapo zinatsatira. Koma kalesitilanti ka m'dera kamene sikananene kuti ndi ka halal sikakhudzidwa ndi zimenezi.

Ife a m'mphepete mwa nyanja tili ndi mwayi umodzi: tinakulira nsomba, ndipo nsomba siifuna kuzinga. M'malo otere simulephera kupeza "salmon", "trout" kapena "cod", ndipo nthawi zina mupeza "tilapia", amene ndi m'bale wake wa chambo chathu. Nsomba yolembedwa kuti "meunière" amaikazinga ndi batala ndi mandimu, ndipo "amandine" amaonjezerapo mtedza wa amondi. Ingofunsani ngati sanathiremo vinyo. Otsatira madhhab a Imam Shafi'i, amene ndi ambiri kwathu kuno, amaloledwa zamoyo za m'nyanja monga nkhanu ndi nkhono za m'madzi, pamene otsatira Imam Abu Hanifa amangodya nsomba zokha. Funsaninso za chipisi, ngati mafuta ake sakazingiramo zinthu zina za nkhumba.

Safunsa anadya phula

Ambiri a ife timachita manyazi kufunsa pa chakudya cha eni, poopa kuoneka ngati onyoza. Ku America kufunsa ndi chizolowezi. Kumeneko kuli anthu ambiri amene matupi awo amadana ndi zakudya zina, ndipo kuyambira mu 2023 lamulo limatchula mitundu 9 ya zakudya zotere imene iyenera kulembedwa pa katundu wa m'sitolo, monga mtedza, mkaka, mazira, tirigu ndi chitowe. Operekera zakudya anazolowera kupita kukhitchini kukafunsa wophika. Koma nkhumba ndi mowa sizili pamndandanda umenewo, choncho palibe amene angakuchenjezeni inu musanafunse.

Mafunso ake ndi atatu: kodi muli nkhumba kapena mafuta ake, kodi muli vinyo kapena mowa wamtundu uliwonse, ndipo kodi mungandiphikire popanda zimenezi? Ubwino wa malo ang'onoang'ono ndi wakuti chakudya chambiri amachiphika mukachiitanitsa, ndiye wophika akhoza kusiya "bacon" kapena kukuikirani mandimu m'malo mwa msuzi wa vinyo. Zimene zinaphikidwa kale m'mawa mumphika waukulu, monga supu, sangathe kuzisintha. Mwana wanu akhoza kuona mndandanda wa zakudya pa intaneti kapena kuimba foni dzulo lake, kuti patsikulo musachedwetse anthu.

Musaname kuti nkhumba imakudwalitsani. Bodza ndi haram ngakhale litanenedwa pofuna kupewa haram ina. Nenani mwaulemu kuti ndinu Msilamu. Bungwe lofufuza la Pew Research Center linapeza kuti mu 2017 ku America kunali Asilamu pafupifupi 3.45 miliyoni, kutanthauza munthu mmodzi pa anthu 100 alionse. M'matauni ena mtsikana amene akukutumikiraniyo mwina sanayankhulepo ndi Msilamu. Zimene adzadziwe za chipembedzo chathu adzaziphunzira kwa inu usiku umenewo.

Za zakumwa, mu Hadith zimene anasonkhanitsa Imam Tirmidhi muli chenjezo la Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, loletsa wokhulupirira kukhala patebulo loperekerapo mowa. Ngati mwapita pabanja panu, pemphani tebulo la kutali ndi kauntala ya mowa, ndipo akakubweretserani mndandanda wa vinyo ubwezeni mwaulemu. Ngati mwaitanidwa ndi anthu a chipembedzo china, mwana wanu awafotokozere tsiku lisanafike. Ambiri amalemekeza pempho lotere akauzidwa nthawi ilipo. Chakudya chamasana kapena cha m'mawa wa Loweruka chimapeputsa vutoli kusiyana ndi cha usiku. Kumbukiraninso swala pogwirizana za nthawi: ku New York dzuwa limalowa cha m'ma 8:30 madzulo m'mwezi wa June, koma cha m'ma 4:30 m'mwezi wa December.

Thukuta la wonyamula mbale

Tsopano tafika pa funso lachiwiri lija. Pamsika wa kwathu, ukagula usipa wogulitsa ndiye amakuikira basela. Ku America zinatembenuka: wogula ndiye amaonjezera. Ndalama imeneyi amaitcha tipi, ndipo mlendo wochokera kwathu akhoza kuiona ngati kangachepe kongopereka ukafuna, mwinanso ngati chiphuphu. Si choncho. M'malo odyera okhala pansi ndi kutumikiridwa, tipi ndiyo malipiro enieni a wantchitoyo.

Chifukwa chake ndi ichi. Malipiro otsikitsitsa amene boma lalikulu la America linakhazikitsa ndi $7.25 pa ola, ndipo sanasinthe kuchokera mu 2009. Koma kuyambira mu 1966 lamulo limalola olemba ntchito kuwerengera tipi ngati gawo la malipiro, kotero kuti woperekera zakudya akhoza kulipidwa $2.13 yokha pa ola. Ndalama imeneyi yakhala chomwecho kuchokera mu 1991. Munthu wogwira ntchito maola 40 pa sabata pa malipiro amenewa amalandira $85.20 kuchokera kwa bwana wake, msonkho usanadulidwe. Lamulo limati tipi ikachepa bwana aonjezere kuti zikwane $7.25, komabe ndalama imeneyo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa lendi kumeneko. Zigawo zambiri zinakweza malipirowa, ndipo zigawo zisanu ndi ziwiri, zimene ndi Alaska, California, Minnesota, Montana, Nevada, Oregon ndi Washington, zimalamula kuti woperekera zakudya alandire malipiro athunthu tipi isanawerengedwe. Ngakhale kumeneko chizolowezi chopereka tipi chilipobe.

Mlingo wozolowereka masiku ano ndi magawo 18 mpaka 20 pa 100 alionse a mtengo wa chakudya. Dziwaninso kuti mitengo yolembedwa pamndandanda ilibe msonkho. Tiyerekeze kuti banja ladya chakudya cha $80 mumzinda wa New York, kumene msonkho wogulira zinthu ndi magawo 8.875 pa 100. Msonkho ukhala $7.10, tipi ya magawo 20 ikhala $16, zonse pamodzi $103.10. Iyi ndiyo ndalama yoti muiwerengere musanatuluke m'nyumba. Mukakhala gulu lalikulu, malo ambiri amaikiratu tipi pa bilu, choncho werengani lisiti kuti musalipire kawiri.

Wina adzati dongosolo limeneli ndi lopanda chilungamo, wolemba ntchito ndiye ayenera kulipira antchito ake. Ndikugwirizana naye, ndipo ku America komweko alipo ambiri amene akulimbana nalo. Koma mukatuluka osasiya kanthu, mwini lesitilanti sataya ngakhale senti imodzi, pakuti mtengo wa chakudya chake mwalipira. Amene wapwetekeka ndi uja wayenda ulendo wa kukhitchini katatu kukakufunsirani za vinyo. M'malo ambiri woperekera zakudya amagawirako anzake ochotsa mbale ndi ena malinga ndi kuchuluka kwa zimene wagulitsa, kotero kuti tebulo losasiya tipi limamudyera ndalama za m'thumba mwake. Ambiri mwa antchito amenewa ndi ana a sukulu, amayi olera okha ana, ndi anthu obwera kuchokera kumaiko ena monga ife tomwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chipembedzo chathu sichinasiye nkhaniyi poyera. Hadith yopezeka m'buku la Ibn Majah imalamula kuti malipiro a wantchito asachedwetsedwe, ndipo imachita kutchula thukuta lake. Surat Al-Mutaffifin imayamba ndi chenjezo loopsa kwa anthu ochepetsa muyeso. Amene wakhala pansi m'malo amene aliyense akudziwa kuti utumiki umalipidwa ndi tipi walowa m'pangano, ngakhale sanasaine pepala. Kusamala kuti kachidutswa ka nkhumba kasalowe m'kamwa, koma n'kudya thukuta la mnzako, ndi kutsuka mbale kunja kokha.

Taganiziraninso zimene zimatsala m'mbuyo. Banja lalowa, bambo avala chisoti, mayi avala hijab. Afunsa mafunso ambiri, asinthitsa zakudya ziwiri, atumikiridwa bwino, kenaka achoka osasiya kanthu. Wantchito uja sadzakumbukira dzina lawo, adzakumbukira chovala chawo, ndipo banja lina la Chisilamu limene lidzalowe mawa ndilo lidzalandiridwe ndi nkhope yokwinya. Koma banja lomwelo likathokoza ndi kusiya tipi yokwanira, tsiku lina akadzabweranso adzapeza kuti wophika akukumbukira kale kuti awa ndi aja sadya nkhumba.

Ngati thumba silikulola, palibe chokakamiza. Kuli malo ogulira chakudya pa kauntala kumene tipi ndi yongofuna mwini, ndipo m'mizinda ikuluikulu malo a halal ndi ambiri. The Halal Guys anayamba mu 1990 ndi kangolo kogulitsira chakudya m'mbali mwa msewu ku New York, ndipo anatchuka podyetsa Asilamu oyendetsa matakisi. Mumzinda wa Dearborn, m'chigawo cha Michigan, malo odyera a halal ali paliponse. Pamene inu muli oitana, sankhani malo otere ndipo mtima udzakhala m'malo. Koma pamene mnansi wa mwana wanu wakuitanani ku kalesitilanti kake kamene amakakonda, kumbukirani kuti mnansi ali ndi ufulu wake pa ife, ndipo mwana wanuyo adzatsala naye inu mutabwerera kumudzi. Pitani mutakonzeka, funsani mwaulemu, yambani ndi Bismillah, tsirizani ndi Alhamdulillah. Ngati olipira ndi eni ake, athokozeni iwo pamodzi ndi amene wakutumikirani. Ngati olipira ndinu, musadzuke pampando wantchitoyo asanalandire zake.

Tipemphe Allah atidyetse za halal kulikonse kumene tingapite, asunge ana athu amene ali kutali pa njira yoongoka, ndipo atiteteze kuti tisadye ufulu wa munthu wina. Ameen. Tidzakumananso m'kope lotsatira, Insha Allah.